Dzanja la Nakandulo

Phula la kandulo silichoka ndi madzi. Limafuna mpeni ndi mtima woleza, ndipo m'mawa wa Lamlungu limenelo Nakandulo anali ndi mpeni wokha.

Anagwada pambali pa thireyi ya mchenga n'kuyamba kupala madontho ouma a sabata yatha. Msana unkamuwawa kuchokera m'chiuno mpaka m'khosi. Masiku asanu ndi limodzi ankakhala chiimire m'chipinda chochapira cha hotela, kusita nsalu zogonera anthu amene sadzawaona n'komwe, ndipo tsiku lachisanu ndi chiwiri ankakwera masitepe makumi awiri ndi atatu kudzatsegula holo ya pamwamba pa sitolo ya utoto ndi misomali. Makiyi ankasunga ndi iye. Machesi, mchenga, katoni ya makandulo, zonse zinali pamutu pake, mpaka dzina lake lenileni linachita kuiwalika.

Mpingo wa m'holomo unali wamtundu wake. Kunalibe abusa, kunalibe guwa, kunalibe mawu oloweza pamtima. Mipando makumi atatu inkaikidwa mozungulira kuti pasakhale woyang'ana nkhongo ya mnzake. Ena ankakhulupirira Mulungu, ena ankati akadafufuza, pamene Adokotala a Mano ankati Mulungu ndi funso osati yankho, mawu amene ankawabwereza mwezi ndi mwezi ngati awatola dzulo. Mwini sitolo ya pansi ankautcha mpingo wopanda gehena. Pachitseko panali pepala lolembedwa ndi dzanja la Ahedi, mayi wachikulire amene anayambitsa zonsezi atapuma pa ntchito yoyang'anira sukulu: KHOMO ILI NDI LA ALIYENSE.

Amene anamubweretsa kuno Nakandulo anali mng'ono wake, yemwe kunyumba ankangomutcha Mzime popeza ndiye womaliza kubadwa. Zaka zinayi zapitazo Mzime anachita kumukoka dzanja. "Achemwali, tiyeni mukangoona. Kumeneko sakalipira munthu. Ndiye pomaliza amafunsana ngati onse akufuna kukumananso sabata yamawa. Palibe womangidwa chingwe m'khosi." Mzime ndiye ankayambitsa nyimbo. Popanda iye mpingo unkaimba ngati anthu okankha galimoto yakufa, aliyense pa nthawi yake.

Tsopano inali sabata yachisanu Mzime asanapondemo. Ankagona pamatiresi m'chipinda cha Nakandulo, mkono wamanja uli m'chikhakha, dzino lakutsogolo lili lomata. Mwamuna wake anamumenyetsa chitseko cha galimoto pamkono, kawiri, kenako chibakera pakamwa. Mwamunayo ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo popeza pakamwa pake sipankachoka mawu akuti "pang'onopang'ono, pondani mabuleki," onse ankamutcha a Mabuleki. Tsiku la mlandu kukhoti linali lisanafike. Koma Lamlungu linkafika sabata iliyonse, ndipo a Mabuleki sankajomba.

Tsiku limenelo anali oyamba kukwera masitepe, malaya ositidwa bwino, akununkhira sopo.

"Alamu, mwalawirira. Ndikuthandizeni mipando?"

"Yaima kale. Ili ndi miyendo inayi, siigwa."

"Nanga mayi akunyumba ali bwanji?"

Nakandulo sanadzutse mutu. "Kafunseni chitseko cha galimoto yanu."

A Mabuleki anausa moyo, n'kuika dzanja pachifuwa. "Mkwiyo wanu ndikuumvetsa, alamu. Ndikuulandira."

Izi ndiye zinkamutopetsa kuposa ntchito ya kuhotela. Munthuyu anali ataphunzira chiyankhulo cha m'holomo kuposa eni ake. Ukamugenda ndi mwala ankauwakha ndi manja awiri n'kukuthokoza.

Anthu anadzaza mipando. Anaimba nyimbo ziwiri, zonse zopunduka. Adokotala a Mano anawerenga ndime yokamba za mtsinje umene sufunsa mwala kuti wachokera kuti, anthu n'kugwedeza mitu mwanzeru. Kenako inakwana nthawi ya makandulo, imene inali mtima wa mapemphero awo. Aliyense wolemedwa kapena wokondwa ankapita pakati, kuyatsa kandulo, kuizika mumchenga, n'kunena zakukhosi. Lamulo linali limodzi: palibe woyankha. Palibe wolangiza, wotsutsa kapena wofunsa. Munthu akamaliza, onse ankangoti, "Takumvani."

Akalipentala anayatsa ya mdzukulu wawo amene wamera dzino. Takumvani. Mayi wina anayatsa ya bondo lake. Takumvani. Kenako a Mabuleki anaimirira pang'onopang'ono, ngati wasenza thumba la simenti.

"Ndikuyatsa kandulo iyi chifukwa cha mdima umene uli mwa ine," anatero, mawu akunjenjemera pamalo oyenera kunjenjemera. "Ndine munthu wosweka. Mkazi wanga akudwala, sali pakhomo. Nyumba yazizira. Sabata ino ndakhala ndikuphunzira chinthu chovuta kwambiri, kudzikhululukira ndekha."

Akudwala! Ngati ndi chimfine chochita kutengera m'basi! Nakandulo anayang'ana Anesi, amene anali pa ntchito tsiku limene Mzime anafika kuchipatala mkono ukulendewera. Anesi ankayang'ana zikhadabo zawo. Anayang'ana Adokotala a Mano, amene anamata dzino lija ndi manja awo. Iwo anali atatsinzina, akumva kukoma kwa mawu.

"Takumvani," unatero mpingo.

Nakandulo sanatsegule pakamwa. Inali kandulo yachisanu ya munthuyu, ndipo phula la zinayi zoyamba anapala ndi iye, atagwada.

Mapemphero atatha, Ahedi anagogoda kapu ndi supuni. "Tisanamwe tiyi, abale, tikhale kaye pansi. Nkhani ndi yomwe ija."

Unali msonkhano wachitatu pa pempho limodzi la Nakandulo: kuti a Mabuleki apume kubwera kwa miyezi itatu, Mzime apeze mpata wobwerera pakati pa anthu ake. Mu mpingo wina nkhani yotere ikanatha ndi mawu awiri a abusa, kaya bwino kaya moipa. Koma kuno sankawerenga manja kuti ochuluka apambane. Chinthu chinkachitika pokhapokha ngati palibe ndi mmodzi yemwe wokana. Dzanja limodzi likakwera, nkhani inkaima. Msonkhano woyamba unathera pa kukambirana tanthauzo la mawu akuti kupuma. Wachiwiri unasankha anthu atatu oti akaganizire mozama, ndipo atatuwo anabwerako ndi ndakatulo.

"Ine mtima wanga ukuwawa mbali zonse ziwiri," anayamba Adokotala a Mano. "Koma tikayamba kusankha wolowa ndi wotsala panja, tasiyana pati ndi kumene tinathawa?"

"Tasankha kale," anatero Nakandulo. "Wotsala panja alipo. Akutsuka mbale ndi dzanja limodzi kunyumba kwanga."

"Palibe wamuletsa kubwera."

"Abwere adzakhale pati? Mipando yanuyi ndi yozungulira, Adokotala. Kulikonse kumene angakhale ayang'anizana ndi nkhope imeneyo."

Akalipentala anakweza chala. "Inetu matabwa ndili nawo. Ndikhoza kukhoma chotchinga pakatipa, wina uku wina uku."

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Mayi wa bondo uja anati mwina pakhale mapemphero awiri, a m'mawa ndi a masana. Wina anafunsa kuti nanga amene adzapite a masana sadzaoneka ngati atenga mbali? Anakambirana zimenezo kwa theka la ola. Dzuwa linasuntha pawindo n'kufika pa mapazi a Nakandulo. Ketulo inawira, inazima, inawiranso. Anamva tulo tikumukoka, tulo ta munthu amene wanena chinthu chimodzi katatu kwa anthu ophunzira.

Pomaliza a Mabuleki anapempha mpata. Anayankhula motsitsa, maso ali pansi. "Ine sindikukana kuti ndinalakwa. Koma pano ndi pamene ndikuchirira. Wodwala mukamuthamangitsa kuchipatala, akachirira kuti?"

Mitu inagwedezeka. Ahedi anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. "Ndifunse tsopano. Pempho ndi lakuti m'bale wathuyu apume miyezi itatu. Kodi alipo wokana?"

Dzanja la a Mabuleki linakwera, mwaulemu, mpaka paphewa pokha.

"Pali dzanja," anatero Ahedi, mawu atatopa. "Nkhani yaima. Tidzakambirananso."

Nakandulo anapezeka ataimirira, mpando wagwa kumbuyo kwake. "Dzanja limenelo? Limenelo ndi limene mukuliwerenga? Ndi lomwelo linagwira chitseko cha galimoto! Woweruzidwa akudziweruza yekha, inu muli phee, mukuti ndi chilungamo?"

"Mwana wanga," anatero Ahedi, "pano timayankhula za mumtima mwathu, osati kuloza anzathu. Yamba ndi mawu akuti, ine ndikumva."

"Ine ndikumva kuti mwandikwana nonse."

"Eee!" anatero Akalipentala chapansipansi.

Ahedi sanakwiye. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo pamene anayankhula sanayankhule ngati wapampando. "Khala pansi ndikuuze. Mwana wanga wamwamuna atadzipha, mpingo umene ndinakuliramo unakana kumuimbira. Nditadandaula pamaso pa anthu, anaitana msonkhano. Manja makumi asanu ndi limodzi anakwera tsiku limodzi, ena a anthu amene ndinawaphunzitsa kugwira pensulo. Ndinatuluka ndekha ndi kachikwama kanga. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti ndikadzakhala ndi chipinda changa, dzanja limodzi lidzakwana kuteteza munthu kwa gulu. Lamulo limeneli si la ulesi ayi. Ndinalilemba ndi misozi."

Nakandulo anadzutsa mpando wake n'kukhala. Mkwiyo unali utamuthera. Mayiyu ankamukonda, ndipo nkhaniyi anali asanaimvepo.

"Lateteza, Ahedi," anatero motsitsa. "Koma mwaona amene lamuteteza?"

Ahedi anatseka kabuku kawo ka misonkhano. Anthu anayamba kutola zikwama, ena ataima kale, maso ali pa tebulo la tiyi. Panatsala mwambo umodzi, waung'ono, umene unkachitika anthu akumanga mabatani a majekete. Kwa zaka khumi ndi chimodzi Ahedi ankafunsa funso lomwelo, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi linkangodutsa ngati moni wa panjira.

"Kodi tonse tikufuna kukumananso Lamlungu likudzali? Alipo wokana?"

Nakandulo sanakonzekere. Akanati anaganiza usiku wonse likanakhala bodza. Anangoona m'maganizo mwake Lamlungu likudzalo: masitepe makumi awiri ndi atatu, mpeni, mawondo pansi, phula la kandulo yachisanu, ndi munthu yemweyo akuyatsa yachisanu ndi chimodzi. Mkono wake unali wolemera ngati simbi ya kuhotela. Anaukweza choncho, mpaka m'mwamba.

Akalipentala anaima kapu ili m'manja.

"Ayi, ayi, alongo," anatero Adokotala a Mano akuseka mokakamiza. "Funso limenelo ndi lamwambo chabe."

"Kodi?" Nakandulo sanatsitse mkono. "La a Mabuleki ndi lamulo, langa ndi lamwambo chabe? Kapena manja a kochapira sawerengedwa?"

"Koma simungatseke mpingo wonse chifukwa cha munthu mmodzi!"

"Watsekedwa kale sabata zisanu chifukwa cha munthu mmodzi. Kungoti inu munali mkati."

Onse anatembenukira kwa Ahedi. Mayiyo anali atagwira kabuku kawo ndi manja awiri. Akanatha kunena kuti sanaone. Akanatha kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Si lamwambo chabe," anatero. "Pali dzanja. Mpaka liti, mwana wanga?"

"Mpaka khomo ili likhale la Mzime nayenso."

"Iwe!" Mawu anachokera kumbali ya a Mabuleki, koma sanali mawu amene mpingo unkawadziwa. Anali okhuthala, othamanga, opanda mabuleki. "Iwe, wosita zofunda za anthu, ukudziona ngati ndani? Mkazi wanga ukumusunga ngati..." Anadzigwira pamenepo. Anayang'ana uku ndi uku, dzanja n'kubwerera pachifuwa. "Pepani, abale. Ndi bala limene likuyankhula."

Palibe amene anati takumvani. Anesi anali atasiya kuyang'ana zikhadabo.

Tiyi anamwa anthu owerengeka. Nakandulo anazimitsa makandulo, anawalonga m'katoni, anakhoma chitseko, n'kutsika masitepe katoni ili pamutu. Mwini sitolo anali pakhonde akusakaniza utoto.

"Lero ndiye mwatsika nkhope zili gwa, anthu a kumwamba kwaulere. Mwaipeza gehena ija?"

"Inalimo kale, bambo. Timangoikira mpando."

Kunyumba anapeza Mzime atakhala pamatiresi, akuyesa kumanga tsitsi ndi dzanja limodzi. Nakandulo anatula katoni, anamumanga tsitsilo, n'kumufotokozera zonse kuchokera pa kandulo mpaka pa mkono. Ankayembekezera kuti mwina aseka, mwina alira. Mzime anangoyang'ana khoma.

"Ndiye mwatsekera aliyense?"

"Aliyense."

"Ndi mayi wa bondo yemwe? Amene aja alibe kwina kopita, achemwali. Sabata yonse amayankhula ndi wailesi."

Za mayi wa bondo Nakandulo sanaganize.

"Ine ndatopa kukhala nkhani ya msonkhano," anatero Mzime. "Ndimangofuna kukaimba basi."

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Inu mumakonda kumenya nkhondo. Kuyambira tili ana."

"Wina amayenera kumenya, iwe."

"Ee. Koma mukamaliza, wotsala ndi mabala ndi ine ndemwe."

Sabata imeneyo inayenda mwaulesi. Adokotala a Mano anatumiza uthenga wautali pafoni wokamba za kuopsa kwa mtima wouma, wokhala ndi mitu inayi. Nakandulo anauwerenga ataima pakati pa milu ya nsalu, anafika pa mutu wachiwiri, n'kubwezera foni m'thumba. Ahedi sanaimbe. Lachinayi anadziwotcha ndi simbi pachala, chinthu chimene chinali chisanamuchitikire kwa zaka. Ankadzifunsa ngati anakweza mkono chifukwa cha Mzime kapena chifukwa cha mawondo ake otopa, ndipo yankho silinkabwera loyera.

Lamlungu anadzuka pa nthawi yake ya masiku onse, thupi losadziwa kuti kulibe kopita. Anawiritsa madzi. Anakhala pabedi, makiyi a holo ali pawindo. Cha m'ma naini kunamveka kugogoda.

Pakhomo panaima Anesi, kumbuyo kwawo mayi wa bondo atatsamira ndodo, ndi Ahedi akupuma mwabefu chifukwa cha mtunda. Atatu, mwa anthu makumi atatu.

"Si mapemphero ayi," anafulumira kunena Ahedi. "Mapemphero anakanidwa, lamulo ndi lamulo. Tangodutsa."

"Mwangodutsa ndi bondo limenelo?"

"Iwe, tipatse pokhala," anatero mayi wa bondo. "Ukufuna ndigwere pakhomo pako?"

Chipindacho chinali ndi mipando iwiri. Ahedi ndi mayi wa bondo anakhalapo, Anesi pamphepete pa bedi, Nakandulo pa ndowa yovundikira. Mzime anakhala pamatiresi ake, chikhakha chili pamiyendo, osayang'ana munthu. Anakamba za mtunda, za fumbi, za mdzukulu wa Akalipentala ndi dzino lake. Nkhani zinatha. Kunja wina ankakhoma msomali.

Mzime ndiye analoza katoni ndi chibwano. "Achemwali, ndipatseni imodzi."

Mchenga kunalibe. Nakandulo anadonthetsa phula m'sosala, anaimika kandulo, n'kumugwirira bokosi la machesi kuti akhwatche ndi dzanja lamanzere. Ndodo yoyamba inathyoka. Yachiwiri inayaka.

Mzime anayang'ana lawilo nthawi yaitali. "Sindikudwala," anatero. "Anandithyola mkono ndi chitseko. Anatsegula, n'kumenyetsanso. Aka sikanali koyamba, ndipo ena a inu munkaona ndikubwera ndi mpango m'khosi nthawi yotentha."

Anasiya. Ahedi anakoka mpweya, milomo yawo ikukonzeka kunena mawu a masiku onse. Mzime anakweza dzanja lake lamoyo.

"Ayi, Ahedi. Musanene kuti mwandimva. Kumva munayamba kale. Ndiyankheni."

Lamulo la zaka khumi ndi chimodzi linali litakhala nawo m'chipindamo ngati mlendo wachisanu ndi chimodzi. Ahedi anayang'ana pansi. Mayi wa bondo anasisita ndodo yake.

Anesi anatsika pabedi, n'kukhala pansi pafupi ndi matiresi, diresi lawo la Lamlungu lili pasimenti.

"Ndinkaona," anatero. "Mpango ndinkauona. Tsiku lija kuchipatala ndine ndinadula dzanja la bulauzi yako ndi sizasi. Misonkhano itatu ndakhala chete, ndikudziuza kuti ndi chinsinsi cha ntchito. Sichinali chinsinsi, mwana wa mayi anga. Anali mantha. Kukhoti ukandifuna, ndipita."

Mzime anagwedeza mutu kamodzi. Sanathokoze. Ahedi anavula magalasi, koma ulendo uno sanawapukute, anangowagwira.

"Holo ija sindikudziwa kuti tidzaitsegula bwanji," anatero. "Sindikudziwa, ana inu. Ndakalamba nalo lamuloli."

"Makiyi ali pawindopo," anatero Nakandulo. "Sakuthawa."

Kandulo inapendekeka pang'ono m'sosala, phula n'kuyamba kutsikira patebulo. Nakandulo analiona likuyenda, likuuma m'mphepete. Mwachizolowezi dzanja lake linafuna mpeni. Koma msana unkawawa, ndowa inali yabwino kukhalapo, ndipo pamatiresi paja Mzime anali atayamba kung'ung'udza kanyimbo, motsitsa kwambiri, mpweya ukutulukira pa dzino lomata lija. Analisiya phulalo lidonthe.